Nyimbo ya m'Bafa ya a Benedicto

A Benedicto anakhalapo phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Anthu ambiri ku Mchinji anaiwala zimenezo, ndipo palibe wowaimba mlandu. Analowa mu 1994, nthawi imene aliyense wokhala ndi jekete ankatha kuwina, ndipo pa zaka zonsezo anaimirira kamodzi kokha kuti alankhule. Ankafuna kupempha mlatho pa kamtsinje ka kwawo, cha kwa Dambe. Koma anayamba ndi kupereka ulemu kwa uyu ndi uyu ngati ali pamaliro, nthawi n'kuwathera asanafike pa mlathopo. Mpaka lero anthu amavula nsapato akafika pamenepo.

Chimene anatola ku uphunguko n'chimodzi basi. Chaka china anawatenga pa ulendo wa aphungu wopita ku Ulaya, ndipo kumeneko anawalowetsa m'chinyumba chachikulu kuti akaonere sewero. M'sewero limenelo munalibe wolankhula. Kupempha madzi, kuimba. Kukangana, kuimba. Mayi wina anabayidwa ndi mpeni n'kugwa, koma anapitiriza kuimba ali chigonere mpaka anamaliza. Aphungu anzawo anagona m'mipando. A Benedicto analira.

"Amati opera," anauza akazi awo, a Esitele, atangotsitsa chikwama.

"Nanga nsapato za Caroline zija?"

"Mayi a Caroline, munthu akufa koma akuimba!"

"Ndafunsa nsapato za mwana."

Nsapato anaiwala.

A Esitele sanapite patali ndi sukulu, ndipo analibe nthawi ya zinthu zosadyeka. Ankakapikula zitenje ndi mafuta ophikira ku Chipata n'kumagulitsa pamsika pa Boma. Amene anayesapo kuwanenerera mtengo amawakumbukira mpaka pano. Nyumba yonse inkadya za m'manja mwawo ngakhale masiku a uphungu, chifukwa za amuna awo zinkathera m'mabokosi a maliro a anthu a m'dera.

Mu 1999 chipani chinaimika munthu wina, wa malole ambiri. A Benedicto anabwerera kumudzi ndi jekete lawo. Ena akaluza amagwira mowa, ena amayambitsa tchalitchi chawochawo. Iwo anagula kiyibodi yakale yoyendera batire ya galimoto, n'kukhala nayo pakhonde kuyambira m'mawa mpaka batire kutha.

Opera yawo yoyamba inali ya mlatho uja. Zonse zimene sanathe kunena ku Nyumba ya Malamulo anaziika m'nyimbo. Kwaya ina ya m'deralo inawathandiza, ndipo anakaimba pabwalo la sukulu. Munthu amene ankakhala mtsinje anamukulunga m'zitenje zabuluu za a Esitele, zatsopano, zamalonda, n'kumagubuduka nazo m'fumbi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti pamene samayenera kuseka. A Esitele anatha sabata osawalankhula amuna awo.

Yachiwiri inali ya njala ya 2002. Imeneyi palibe anaseka. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi sewero lili pakati. Gogo wina anati, "Izi tinazionera kale, osalipira." Chinawapweteka kwambiri a Benedicto si chimenecho ayi. Mkulu wa kwaya ija anatengamo nyimbo zina n'kukaziimba ku mpikisano ngati zake, mpaka kupata nazo chikho.

Kuchokera pamenepo a Benedicto anabwerera ku nzeru za pa kampeni. Ankati pa ndale tcheyamani aliyense umamuuza zake zokha, dongosolo lonse umalisunga m'mutu mwako. Analeka kulemba chilichonse, ati pepala limabedwa. Kwaya anaisiya. Anapita ku esiteti ya fodya imene inali kuseri kwa dambo, kumene kunkakhala matenanti ochokera ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Thyolo, anthu obwera mvula ikamayamba n'kuchoka fodya akagulitsidwa. Anthu amenewa ankadziwa kuimba, ndipo Lamulungu masana analibe kopita. A Benedicto ankawaphunzitsa payekhapayekha. Amayi pansi pa mtengo uwu, abambo kuseri kwa chigafa, oimba okha aliyense tsiku lake. Palibe ankadziwa nyimbo ya mnzake, ngakhale pamene yake ikulowera.

Opera yachitatu anaitcha Manda a Alendo. Mwini nkhani analipo. Anali Luwiza, mtsikana wa ku Phalombe, amene mwana wake anamwalira ndi malungo mvula ili pakati. Tenanti alibe manda. A Benedicto ndi amene anavala jekete n'kukapempha malo kumudzi, ndipo anapatsidwa kumapeto kwenikweni, kumene manda akumana ndi tchire. Atabwera kumaliro kuja anakhala pa kiyibodi osadya. Patapita nthawi anakamupempha Luwiza kuti aimbe yekha mbali ya mayi wa mwana. A Esitele anati kumeneko n'kupanda chisoni. Koma Luwiza anavomera.

Malo amodzi okha amene operayo inkaimbidwa mbali zake zonse pamodzi, kuyambira poyamba, anali m'bafa. M'mawa uliwonse a Benedicto ankalowa m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba ndi ndowa yawo, n'kuyamba. Mawu a amayi ankaimba okha, a abambo okha, a kapitawo okha, a okumba manda okha. Madzi ankazizira iwo akuimba. Ndipo a Esitele ankakhala ataima panja ndi ndowa yawo, maso ku msewu, poti matola ya ku Boma sidikira munthu.

Ankapirira ndithu. Koma cha kumapeto kunali nyimbo ina yoyenda pang'onopang'ono, ndipo pa liwu lina a Benedicto ankakoka, n'kukoka, ngati mbuzi yokodwa pachingwe. Pamenepo ndiye mtima wa a Esitele unkathera. Ankamenya mpanda wa bafa ndi chikhatho.

"Tulukani! Ena asambeko!"

Ndipo a Benedicto ankasiyira pomwepo n'kutuluka, thaulo lili m'khosi, akupepesa.

Chinawagwetsa mu Julaye wa 2005, kukuzizira. Anawapeza pansi pakhonde, kiyibodi ikulira liwu limodzi chifukwa chigongono chinali chitatsamira pamenepo. Kuchipatala ku Boma anati ndi sitiroko. Anawasunga pang'ono n'kuwatulutsa. Mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu atapita onse. Anatsala ndi maso ndi dzanja lamanzere.

A Esitele anasiya msika. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni, uku akuwakalipira. "Mezani. Ndati mezani, ine si nesi." Koma supuni ankaipepeza kaye.

Tsiku lina masana kunabwera Luwiza ndi a Kefasi, bambo wamtali wa ku Mulanje amene ankaimba mbali ya wokumba manda. Anakhala pansi pakhomo la chipinda.

"Tabwera kudzatsanzika," anatero a Kefasi. "Fodya watha. Lole ibwera Loweruka m'bandakucha."

"Mukayenda bwino. Tidzaonana mvula ikagwa."

"Ayi mayi, chaka chamawa sitibwera. Esiteti akuti asiya fodya. Ena akuganiza za ku Kasungu, ena ku Mozambiki. Ife tikaona kwathu."

Pamenepo dzanja la a Benedicto linayamba kumenya mphasa.

"Mukufuna chiyani? Madzi?" anafunsa a Esitele. Dzanja silinaleke. "Kubafa? Mwatopa ndi mbali imeneyo?"

Dzanja linkamenya katatu, n'kupuma, n'kumenyanso. A Esitele anatchera khutu. Anali atakumva kugunda kumeneko m'mawa uliwonse pa ndowa ya m'bafa. Inali nyimbo yoyamba, ya matenanti akutsika m'lole. Anawayang'ana amuna awo m'maso, n'kuona kuti akudziwa zonse: lole ikanyamuka, nyimbo imodzi ipita ku Phalombe, ina ku Thyolo, ina ku Mozambiki, ndipo sizidzakumananso. Munthu anali ataipeka yonse, koma anali asanaimvepo ndi makutu ake.

"Inu anthu, zimene ankakuphunzitsani zija mukuzikumbuka?"

"Zanga ndikuzidziwa," anatero a Kefasi. "Koma kaya ndimalowa pambuyo pa ndani. Abwana sankanena."

"Ndikuuzani ine. Musamange katundu yense."

M'mawa mwake a Esitele anamanga chitenje n'kudula dambo wapansi. Anawapeza a Greyson, manejala wa esiteti, atakhala pakhonde la ofesi akusenda mtedza.

"Mayi a Onarebo! Mwatiyendera lero."

"Uonarebo unatha kalekale. Ndabwera za lole. Inyamuke Lamulungu."

"Lole si yanga mayi, n'njahayala. Dalaivala akufunika kwina."

"Ndiye inyamuke Loweruka madzulo."

"Usiku, ndi ana, mpaka ku Phalombe? Ayi."

"Msewu umene lole yanuyo idzere, anaitanitsa giledala ndani?"

A Greyson anaseka. "Imeneyo ndi mbiri yakale. Maenje anabwereramo onse, ena ndi ana awo."

"Mukufuna chiyani? Nenani msanga, ndasiya wodwala."

A Greyson anayang'ana kumwamba ngati akufunsa mitambo. "Ndimamva kuti muli ndi mbuzi zabwino."

"Ndili ndi mbuzi zoonda."

"Ziwiri."

"Ziwiri! Kodi ndikugula loleyo? Imodzi. Tonde wakuda. Lole inyamuke dzuwa litapendeka."

"Dzuwa lili pamutu, osapitirira."

"Ndiye mutipatsenso chigafa chachikulu chija, chosesa."

"Musesa nokha."

"Tsache likhale lanu."

Anagwirizana. Pobwerera a Esitele anatukwana njira yonse. Tonde ameneyo ankamusungira ukwati wa Caroline. Atafika anaima pakhomo la chipinda n'kunena kuti, "Bambo a Caroline, zitenje munandithera, lero mbuzi. Mukachira tidzakambirana." Diso la a Benedicto linatuluka msozi, ndipo a Esitele anaupukuta ndi nsonga ya chitenje mwaukali, ngati akuchotsa ntchentche.

Zoyeserera panalibe. Lachisanu matenanti anali pamzere ku ofesi tsiku lonse, kudikira malipiro awo.

Loweruka m'mawa anayala matiresi m'ngolo ya oyandikana nawo, n'kuwagoneka a Benedicto chotsamira mapilo. A Esitele anawaveka jekete lija la ku Nyumba ya Malamulo. Linali litakula, mapewa akulendewera. Kiyibodi anaisiya, poti woiimba anali yemweyo.

Lole anaipeza itafika kale, itaima pafupi ndi chigafa, pamwamba pali mitolo, njinga, mapoto ndi nkhuku zomanga miyendo. Dalaivala anakhala pa sitepe akutafuna nzimbe. M'chigafa munali mopanda kanthu, mitengo yoyanikapo fodya yokhayokha ndi fungo lake loyetsemulitsa. Analowetsa ngolo cham'mbuyo, n'kumasula ng'ombe. Anthu a m'midzi yapafupi anabwera ochepa. Ena anangotsatira ngolo poganiza kuti ndi maliro.

A Esitele anaima kutsogolo, manja m'chiuno, ngati pamsika.

"Amayi uku, abambo uko. Tiyamba ndi ya lole. Amayi yambani, abambo mulowe ndikakweza dzanja. Wosokoneza ndimutulutsa."

Amayi anayamba. Dzanja litakwera, abambo analowa pansi pawo. Mawu awiriwo anagwirana ngati chitseko ndi mphuthu yake. Mayi wina, Stelia, anasiya kuimba n'kugwira pakamwa.

"Ha! Kani zimakumana?"

"Imba iwe, nthawi kulibe!"

Miyezi yonseyo aliyense ankaganiza kuti nyimbo yake ndi yosakoma, yoduka-duka, ya munthu amene ndale zinamusokoneza mutu. Tsopano ankayang'anana uku akuimba. Inabwera ya kudzala fodya, inabwera ya kapitawo wokalipa, imene inaseketsa aliyense kupatula kapitawo weniweni amene anaima kumbuyo ndi a Greyson. Kenako a Kefasi anatulukira ndi khasu paphewa, n'kutsegula pakamwa.

"A Kefasi, bwererani! Mwana sanadwale n'komwe, inu mukukumba kale manda?"

Anthu anaseka, ndipo mbali yamoyo ya nkhope ya a Benedicto inagwedezeka. Dzanja lawo linali pa thabwa la ngolo, likugunda nthawi yonseyi.

Luwiza ataimirira, kuseka kunatha. Anaimba ya mwana wotentha thupi, mayi akumuthamangitsira kumsewu koma galimoto osabwera. Sanachite kudzigwetsa kapena kugwira mutu. Anangoima, manja ali pambali, akuyang'ana denga la udzu. Amayi a ku Thyolo anaphimba nkhope ndi zitenje. A Greyson anasiya kutafuna mtedza. Kenako a Esitele anakodola a Kefasi, ndipo anaimba yawo ya khasu, ya munthu wokumbira mlendo amene dzina lake salidziwa.

Atamaliza, onse anatembenukira kwa Luwiza. Mthunzi wa chigafa unali utayamba kufupika.

"Yomaliza, Luwiza. Mayi akutsanzika pamanda. Yamba."

Luwiza anapukusa mutu. "Imeneyo sanandiphunzitse, mayi. Ankati n'njolemera, adzandipatsa fodya akatha."

"Palibe amene anapatsidwa?"

Panalibe.

A Esitele sankaimba. Ngakhale kutchalitchi ankangoyendetsa milomo. Mawu awo anali okuwira makasitomala ndi kukalipira makondakitala. Anayang'ana lole, anayang'ana ngolo. Ndiye anamasula manja m'chiuno, n'kukhosomola.

"Woseka aone," anatero.

Palibe anaseka. Mawu anatuluka okhakhala, koma nyimbo inali yomweyo.

"Gona mwanawe, dothi n'lachilendo,
koma mvula ndi yomwe ija ya kwathu.
Lole yafika, amako akukwera,
ndikusiyira..."

Anakoka liwu limenelo monga ankakokera amuna awo. Anakoka mpaka mpweya kutha. Kutsogolo kwake kunalibe kanthu.

Anayambiranso poyamba, mofulumirako, poganiza kuti akabwera ndi liwiro mawu otsatira adzigwera okha. Anafikanso pa "ndikusiyira" n'kuima. Pamenepo ndi pamene chikhatho chawo chinkagwera pa mpanda wa bafa m'mawa uliwonse. Zimene zinali kuseri kwa liwu limenelo anali asanazimvepo, iwo kapena munthu wina aliyense.

Anapita pa ngolo n'kuwerama.

"Bambo a Caroline, akumusiyira chiyani mwanayu? Nenani. Liwu limodzi lokha, zinazo ndimaliza ndekha."

Milomo ya a Benedicto inayenda. Khosi linagwira ntchito. Panatuluka mpweya ndi malovu basi.

"Yesaninso. Sindikufulumira."

Anayesanso. Kenako anatseka maso, ndipo dzanja lamanzere linayamba kugunda pa thabwa la ngolo. Silinayambire poyamba ayi. Linatolera pamene a Esitele anasiyira, n'kupitiriza. Pang'onopang'ono, kenako mofulumirako, kenako n'kupuma ngati munthu akukoka mpweya, n'kuyambanso. M'chigafa monse munali zii. Kunkamveka thabwa lokha ndi nkhuku za pa lole.

Kunja hutala inalira.

A Esitele anatembenuka. "Iwe dalaivala! Ukaigwiranso imeneyo ndikudyetsa nzimbe yakoyo ndi makoko omwe. Nyimbo sinathe!"

Dalaivala anachotsa dzanja.

Inali yaitali nyimboyo. A Esitele sankadziwa kuti inali yaitali chonchi. Iwo ankayesa kuti ankadula kamchira chabe, koma dzanja linapitirira, n'kupitirira, pena kubwereza malo amodzi kawiri, pena kugunda mofewa mpaka anthu kuwerama kuti amve. Luwiza anagwada pafupi ndi tayala la ngolo, maso ali pa zala zimenezo, ngati angathe kuwerengapo mawu. Kenako dzanja linagunda kamodzi, mwamphamvu, n'kugona pa thabwa.

Palibe anadziwa ngati aombe m'manja. A Kefasi anavula chipewa. A Greyson anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana pansi.

Anthu anayamba kutuluka n'kumakwera, ana poyamba. Aliyense podutsa pa ngolo ankagwira dzanja lamanzere lija ndi manja awiri. Luwiza anali womaliza.

"Mayi, mukamadutsa kumanda kuja, muzizulako udzu. Ndi kamanda kamene kali pafupi ndi chulu."

"Ndikukadziwa. Kwera, akusiya."

Lole inanyamuka, fumbi n'kulowa m'chigafa. A Esitele anawaphimba amuna awo kumaso ndi chitenje mpaka linatsika, kenako anakuwira mwini ngolo kuti amange ng'ombe, wodwala sanadye.

A Benedicto anamwalira mvula yoyamba itagwa. Pa maliro panabwera anthu ambiri ndithu, ndipo wolankhula m'malo mwa chipani analakwitsa dzina lawo. Za nyimbo palibe anatchula.

A Esitele anabwerera ku msika, ndipo mitengo yawo sinatsike. Udzu wa pafupi ndi chulu amazula. M'mawa amatenga ndowa yawo n'kulowa m'bafa, popanda womudikira ndiponso popanda wowadikira. Oyandikana nawo amati amawamva akuimba ndi mawu awo okhakhala aja, mizere itatu, n'kufika pa liwu lija n'kulikoka. Kenako mumakhala zii kwa nthawi yaitali. Nthawi zina matola ya ku Boma imaliza hutala kumsewu mpaka kutopa n'kupita, madzi asanayambe kumveka.